Dongo Limene Apongozi Anati Ndifinye

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Kwa inu amene mwangofika kumene, takulandirani ndi manja awiri, ngakhale kuti manja angawo ndi opindika. Kwathu ku Dedza ndine Nabanda, koma chikwatiwireni kuno ku Mzimba, m'mudzi wina pakati pa Jenda ndi nkhalango ya Luwawa, anthu ananditembenuza n'kukhala Nyabanda. Lero ndikufuna kuchitira umboni za matenda amene anandipinda zala ndi maondo, mpaka ndinatsala pang'ono kusiyana ndi ana anga awiri, Wezi ndi Lusungu. Ndikulemba ndi chala chimodzi, choncho mukaona kuti chilembo china chathawa, mundikhululukire.

Zinayamba ngati zocheza, nyengo yozizira. Amene munakhalako kuno m'mwezi wa Juni mukuchidziwa chisanu chimene chimatsika kuchokera m'mapaini a ku Luwawa, chija chimalowa m'bulangeti osagogoda. Ndikadzuka m'mawa zala zinkakhala zouma gwa, mpaka dzuwa litakwera ndiye zimvere. Ndinkati ndi kuzizira, zitha. Koma Okutobala anafika, dzuwa n'kumaswa mtengo, zala zili chomwecho. Mfundo zinayamba kutupa ndi kutentha, kenaka zinalowa m'maondo, m'mapewa, mpaka m'mapazi, moti kuponda pansi m'mawa kunali ngati kuponda minga.

Matendawa ndi akuba ochenjera. Sayamba ndi kukulanda zikuluzikulu, amayamba ndi tating'ono timene sunaganizepo kuti n'kanthu. Chivindikiro cha botolo la mafuta chinayamba kundikana. Kiyi ankalowa m'loko koma osatembenuka. Ndikachapa, kufinya zovala kunkandilizitsa, ndinkangoziyanika madzi akuchucha. Lusungu ndinasiya kumuluka tsitsi. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi bulauzi yanga yoyera ya amayi a kutchalitchi, ya timabatani tating'ono. Lamulungu lina ndinakhala pabedi ndikulimbana ndi batani limodzi mpaka belu linalira, anthu analowa, ine ndidakali ndi batani lomwelo. Ndinaivula bulauziyo n'kuipinda, ndipo sindinapitenso kutchalitchi kwa nthawi yaitali.

Ndinapita kuchipatala ku Boma, iwo ananditumiza ku chipatala chachikulu, kumene anandiyeza magazi. Dokotala wake anali mayi wodekha. Anandifotokozera kuti m'thupi la munthu muli asilikali amene ntchito yawo ndi kumenya matenda, koma asilikali anga asokonezeka mutu, akumenya mfundo za mwini wawo yemwe. Dzina la matendawo ananditchulira lachingerezi, lalitali ngati msewu wa ku Karonga. Ine ndimangoti nyamakazi, ngakhale si nyamakazi ija ya ukalamba, pakuti ndinali ndisanakwanitse n'komwe zaka makumi anayi. Anandiuza poyera kuti matendawa sapatsirana, si olodzedwa, ndiponso satheratu, koma amafatsa munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika. Ndinabwerera pa minibasi ndili ndi mapaketi a mankhwala m'chikwama ndi mawu akuti "satheratu" m'makutu.

Tsopano kuti mumvetse chimene chinandisowetsa tulo, ndikuuzeni za ukwati wa kuno. Kwathu ku Dedza ana ndi a kuchikazi, ukwati ukavuta mwamuna ndiye amanyamula kabulangeti kake. Kuno ayi. Ng'ombe za malowolo zikapita, mkazi amabwera pamudzi pa mwamuna, ndipo ana ndi a pamudzipo. Mkazi akachoka amachoka ndi sutikesi yokha. Bambo a Wezi, monga amuna ambiri a kuno, ali ku Joni kukagwira ntchito, timangoonana pa Khirisimasi. Ine ndinatsala pakati pa apongozi anga, mkamwana wochokera kutali, amene ulemu wake wonse uli m'maondo ndi m'manja. Ukapereka madzi ugwade, ukapereka moni ugwade, ukaitanidwa ugwade. Ndipo matenda anga anasankha malo awiri omwewo.

Apongozi aamuna, a Shaba, ndinkawaopa koopsa. Pabanja pathu mwambo ndi wakuti mkamwana ndi apongozi aamuna amapewana. Chikwatiwireni ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatuka n'kugwada m'mbali, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Akafuna kundiuza kanthu ankauza akazi awo, a Nyamoyo, amene ndimawatchula amama, ndipo amamawo ndi amene ankandifikitsira. A Shaba anagwira ntchito ya macheka ku Luwawa zaka zambiri, ndipo machekawo anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja. Atapuma ntchito anamanga kashedi kuseri kwa nyumba yawo, mmene amakhala tsiku lonse akugogoda ndi kupala matabwa. Munthu wosaseka, wosakamba nkhani, amene moni wake ndi kutsokomola.

Tsiku lina ndinakumana nawo panjira ya kudimba. Ndinapatuka, ndinagwada monga mwa nthawi zonse, iwo anadutsa. Nditati ndidzuke, maondo anati ife tafika. Ndinayesa kugwira udzu, udzu unazuka. Ndinayesa kutsamira manja, manja anakana. Ndinakhala pamenepo ndili chigwadire, nyerere zikundiyendera, mpaka apongozi aja anakathirira ndiwo zawo n'kubwerera, n'kundipeza pamalo pomwe paja. Abale anga, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingawafotokoze. Iwo anaima pang'ono, anatsokomola, anapitirira msanga. Posakhalitsa ndinaona amama akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja, kudzandidzutsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kugwada, ndinkangowerama pang'ono n'kuomba m'manja, ndipo ngakhale kuombako kunali kwa chisisira chifukwa cha ululu.

Apa ndi pamene analowererapo ankhazi, mlongo wawo wa a Shaba, amene timawatchula a Nyashaba. Mayi ameneyu Mulungu anamupatsa pakamwa posafuna batire. Tsoka lake n'lakuti mankhwala ena amene ndinkamwa anandinenepetsa nkhope, masaya anatuluka ngati a mwana wa m'sitolo. Ndiye ankhazi ankati akandiona, amvekere, "Matenda anji opanda chilonda? Onani nkhope ikuwala chomene! Mchewa uyu wayamba matama, mbwenu." Kuchitsime nkhani inali imeneyo, kumaliro imeneyo. Ndikadutsa osagwada ankati ndi mwano, ndikapempha mwana kuti anditsekulire botolo ankati ndi ulesi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, wina akakhala kunja amangoti mnzathuyu akukonda kuyenda.

Kenaka mawu aja anafika. Ankhazi anauza amama, amama anandiuza akuyang'ana pansi, kuti pakukambidwa zoti ndikapume kwathu ku Dedza, pakhomo pabwere munthu wina wamphamvu woti asamalire nyumba ndi ana. Mawu akuti "kukapuma" amamveka okoma, koma aliyense wa kuno akudziwa kuti wokapuma sabwerera, ndipo satenga mwana. Ndinaimbira foni bambo a Wezi. Munthuyo amandikonda, sindimunamizira, koma pamaso pa makolo ake ndi nkhuku yonyowa. Anapuma mozama n'kunena kuti, "Zimene anene adada ndi zomwezo." Ndinadula foni, ndinayang'ana Wezi akulemba za kusukulu pakhonde, Lusungu akusewera ndi tsitsi lake losaluka lija, ndipo mtima wanga unasweka.

Poyamba pemphero langa linali limodzi, lakuti Ambuye ndichiritseni. Ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kuyang'ana zala ngati zawongoka, n'kupeza zili momwemo. Sindikubisirani, ndinafika pomukwiyira Mulungu. Koma mawu a kukapuma aja atafika, pemphero langa linasintha lokha. Ndinati, "Ambuye, ngati zalazi simuziwongola, zisiyeni, ndi zanu. Koma ndisiyeni ndikhale pamene pali ana anga." Ndinalipemphera nditakhala pamphepete pa bedi, chifukwa ngakhale pamaso pa Mulungu sindikanatha kugwada.

Patapita masiku, amama analowa m'nyumba mwanga m'mawa atanyamula mbale yovindikira ndi tsamba la nthochi. Ndinkati ndi mbatata. Atavundukula, munali zibulumwa ziwiri za dongo lonyowa.

"Nyabanda, adada akuti mugwire dongo ili, mufinye pomwe mungathere. Dzanja ili lake, ili lake."

"Ndi la chiyani, amama?"

"Nkhumanya yayi, mwana wane, sindikudziwa. Iwo aja sanena. Finyani waka."

Ndinafinya, pakuti mkamwana sakana mawu a apongozi. Zala zanga zopindika zinadinda m'dongomo, chilichonse ndi malo ake. Amama anatulutsanso chingwe, anayeza kuchokera pachidendene mpaka kuseri kwa bondo langa, anamanga mfundo pamenepo, n'kunyamula zonse kupita nazo.

Atangotuluka, ndinayamba kudzifunsa. Inu amene munakulira m'Malawi muno, ndiuzeni, munthu akatenga chidindo cha manja ako ndi muyeso wa mwendo wako, akupita nazo kuti? Ine ndinadziwiratu kuti ndi kwa sing'anga. Ndinati akufuna andimange mtima kuti ndichoke pamudzi pano mwakachetechete, miyendo indinyamule yokha, manja asagwire mwana. Madzulo ake ndinasuzumira kuseri, ndinaona zibulumwa zija zayanikidwa padenga la kashedi kaja, zala zanga zikuonekera bwinobwino. Ndinatumiza uthenga kwa amayi anzanga a kutchalitchi, anabwera atatu, tinatseka chitseko. Abale, tinalidzudzula dongo lija! Tinalimanga, tinalitemberera, tinalilamula kuti lisweke. M'mawa mwake ndinasuzumiranso, lili phee padenga, likuuma bwino.

Zinthu zinayamba kusowa m'nyumba. Mthiko wanga unasowa. Mpeni unasowa, chipande chinasowa, tsache linasowa. Tsiku lina ndinatsekula sutikesi n'kupeza kuti ngakhale bulauzi yoyera ija palibe. Apo ndiye ndinati basi, zatha, afika mpaka pa chovala. Wina anandinong'oneza kuti anawaona a Shaba pa Jenda akuzungulira kwa anyamata a kabaza, akutola machubu akutha a njinga. Wina anati anawaona akulowera ku Luwawa m'mamawa ndi thumba lopanda kanthu, pobwerera lili lodzaza. Ine zonsezi ndinkaziwerenga ngati zizimba zimene sing'anga wawatuma. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Loweruka lina amama anabwera kudzandiuza kuti ndikuitanidwa pakhonde la nyumba yaikulu. Ndinasamba, ndinavala chitenje changa chabwino, ndinawauza ana kuti akasewere kwa anzawo. Sindinawauze kanthu, koma Lusungu ndinamugwira kumutu nthawi yaitali mpaka anandifunsa ngati ali ndi nsabwe. Pakhondepo ndinapeza ankhazi ndi amama atakhala pamphasa, a Shaba ataima chakumbali, pafupi ndi zinthu ziwiri zazitali zofunditsidwa ndi masaka. Pawindo panali foni yotsekula mawu, bambo a Wezi akumvetsera ali ku Joni. Ndinaima patali, ndinayamba kupinda maondo, ndinati lero lokha ndigwade ngakhale andidzutse ndi ngolo. A Shaba anatsokomola n'kuuza akazi awo kuti, "Uwauze asagwade."

Ankhazi anayamba, ndipo anayankhula bwino, sindiwanyoza. Anati palibe amene akudana ndi Nyabanda, koma pakhomo ndi pakhomo. Anati ana akufuna munthu wowaphikira ndi kuwachapira, alendo akufuna mkamwana wowalandira ndi ulemu, ndipo munthu wodwala amachira bwino pafupi ndi amayi ake. Anamaliza ndi kuti, "Akapume, mbwenu. Ana ali pakwawo, savutika."

A Shaba anawerama n'kukoka thumba limene linali kuseri kwa chitseko, anayamba kutulutsa zinthu n'kumaziika pamphasa. Choyamba chinali zibulumwa zija, zitauma. Kenaka mthiko wanga, koma sunalinso mthiko uja. Kogwirira kwake anauveka mtengo wa paini wonenepa, wosemedwa timaenje, wokulungidwa ndi chubu cha njinga. Mpeni chimodzimodzi, chipande chimodzimodzi. Tsache linatuluka litalumikizidwa ku ndodo yaitali. Pomaliza amama anatulutsa m'chitenje mwawo bulauzi yanga, itachapidwa ndi kusitidwa, pamodzi ndi kawaya kopindidwa ngati diso la singano yaikulu, kozikidwa m'kamtengo.

Ndiye a Shaba anakweza dzanja lawo lija la zala zitatu, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Nyashaba, mdumbu wane, macheka atanditola zala izi, ndinakhala miyezi osagwira supuni. Ndani ankandidyetsa phala?"

Ankhazi anayang'ana kumbali. "Ndine."

"Ndiwe. Kodi unati ndikapume kwina? Ine ndinadzisemera mipini yanga, ndinabwerera kuntchito, ndinaphunzitsa ana. Dzanja likasintha, umasintha mpini, sutaya munthu. Ng'ombe zimene tinapereka ku Dedza sizinapite kukagula maondo. Zinapita kukapempha munthu, ndipo munthuyo ndi uyu."

Anavundukula saka loyamba. Munali mpando wautali, wa mikono m'mbali yotsamira podzuka, msinkhu wake wa chingwe chija. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni, a Shaba anandiyang'ana kumaso n'kunditchula. "Nyabanda, khalani apa."

Ndinazengereza. Ankhazi anapeza polowera. "Mkamwana akhale pamwamba, apongozi pansi? Zinachitikapo kuti?" A Shaba anangovundukula saka lachiwiri. Unali mpando wawo wakale, koma atauwonjezera miyendo kuti upose wanga pang'ono. Anakwerapo, miyendo yawo ili lendelende osafika pansi, nkhope ili yosaseka ngati kale. Amama ndi amene anayamba kuphulika, ankhazi anayesa kudzigwira koma anagonja, anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinakhala pampando wanga, ndinatola mthiko uja. Zala zanga zinalowa m'timaenje tija chilichonse pamalo pake, popanda kufinya, popanda ululu, ngati munthu wandigwira chanza. Ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo chimene ndinatha kunena ndi chakuti, "Yewo, adada. Yewo chomene." Tili pakati pa zimenezi foni ija pawindo inamveka, "Halo? Halo? Mwagwirizana zotani kumeneko?" Tonse tinali titamuiwala mwini mkazi.

Pambuyo pake amama anandifotokozera. Akuti tsiku lija anandipeza chigwadire panjira, a Shaba sanadye. Ankafuna kundisemera zogwirira, koma mpini wabwino umayezedwa padzanja la mwini wake, ndipo iwo sakanatha kugwira dzanja la mkamwana ngakhale kuliyang'anitsitsa. Anaganiza masiku angapo mpaka anapeza nzeru ya dongo. Mwambo umene ine ndinkati ndi khoma, iwo anaulambalala osaugwetsa. Nditawauza amayi atatu aja, mmodzi anakhala pansi ndi kuseka, amvekere, "Mwamwayi Mulungu samvera pemphero lililonse, tikanaswa madalitso!"

Lamulungu lotsatira ndinatenga kawaya kaja. Umakalowetsa pabowo la batani, kamakola batanilo, iwe n'kukoka. Mabatani onse analowa belu lisanalire. Ndinalowa m'tchalitchi nditavala zoyera, Wezi atanyamula mpando wanga pamutu, anthu akutembenuka. Nyimbo ya tsiku limenelo ndinaiyimba ngati ndine ndinaipeka.

Kuchokera apo kashedi kaja kanasanduka chipatala changa chachiwiri. Tsopano timalankhulana, ngakhale kuti iwo amayang'anabe kumwamba ndikamayankhula. Ndikangotchula chimene chikundivuta, amatsokomola, ndipo pakapita masiku ndimapeza kanthu pakhomo. Kiyi wa loko anamuika pakati pa timatabwa tiwiri, ndimamutembenuza ndi chikhatho chonse. Anandiumbira mafuwa okwera a njerwa, ndimaphika nditakhala pampando, osaweramanso. Madzi ndimakatunga ndi kangolo ka gudumu la wilibala yakutha, chigubu chili pamenepo, ine n'kumakankha ndi mikono ngati mwini golosale. Kachidutswa ka chubu kamakhala pamsomali m'khitchini, ndikakulunga pachivindikiro botolo limagonja. Pali china chimene mkamwana sangatchule kwa apongozi ngakhale zitavuta bwanji, cha kunyumba yaing'ono kuja, kumene munthu amayenera kunjuta. Sindinanene, koma tsiku lina ndinangopeza kuli mpando wobowola pakati, ndi mtengo wogwira m'mbali. Sindinathokoze, iwonso sanatsokomole, nkhaniyo inathera pomwepo.

Amama nawo sanafune kutsalira. Nyengo yozizira amandithirira madzi ofunda m'botolo n'kuliveka sokosi, ndimalifumbata m'mawa mpaka zala zitadzuka. Sopo anamusokera m'kachidutswa ka neti yakale, n'kumangirira chingwe chopachika padzanja, sagwanso pansi pamene sindingamutole. Kufinya zovala tinakupezera njira tokha ndi Wezi, timakoleka chovala pamtengo n'kupotoza ndi ndodo. Tsitsi la Lusungu ndiye landikanikabe, ndipo mudabwa amene amamuluka. Ndi ankhazi. Amabwera Loweruka, amamukhazika pakati pa miyendo yawo, akuluka uku akundinena kuti ndimaphika mchere wambiri. Chaka chatha maondo awo nawo anayamba kulira, ndipo ndinawaona akuzembera kuseri kwa kashedi ndi chingwe m'manja. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Abale anga, sindinachire. Ndikunena izi poyera chifukwa umboni wabodza suthandiza munthu. Mankhwala ndikumwabe, kuchipatala ndimapita pa tsiku langa, ndipo alipo masiku amene ngakhale mthiko wa timaenje umandilemera, ndimangokhala ndi botolo langa n'kumayang'ana nkhuku. Koma pemphero lija linayankhidwa lonse, mpaka kusefukira. Ine ndinkayang'ana kumwamba kudikira kuti zala ziwongoke, pamene yankho linali kuseri kwa nyumba, likupala matabwa ndi zala zitatu. Ndikuthokoza Mulungu amene anaona maondo anga ali m'fumbi panjira ya kudimba. Ndikuthokoza madokotala amene anandiuza zoona. Ndikuthokoza adada ndi amama, amene anaonetsa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Kwa inu amene thupi lanu likudzimenya lokha, amene anthu amakuuzani kuti mukuoneka bwino pamene mkati mukupsa, musataye mtima. Musasiye mankhwala, musasiye kupemphera, ndipo musachite manyazi ndi mpando wautali kapena kawaya. Mukamapempha thandizo musangoti ndikudwala, pakuti anthu sadziwa pogwira. Nenani kuti batani likukana, kiyi sakutembenuka, sopo akugwa. Batani lili ndi mankhwala ake, ndipo mwina wodziwa mankhwalawo ndi munthu amene mumamupatukira panjira. Inunso amene muli ndi wodwala pakhomo, yang'anani chimene chikumugwa m'manja musanayang'ane nkhope yake.

Zibulumwa zija ndinazipempha, zili pawindo langa. Ndikafooka ndimaziyang'ana n'kukumbukira kuti ndinasonkhanitsa anthu kudzatemberera chifundo chimene chinkandikonzekera. Ndilekeze pano, chala changa chatopa. Komanso Lusungu wafika kuchokera kusukulu, ndikumumva pakhomo akuitana kuti amama, amama. Ndilipo, ndikamuyankhe.

Ambuye akusungeni nonse.